Kompyuta kapena makina ojambulira? Onani kaye magetsi

Ambiri ofuna kujambula nyimbo kunyumba, kaya ku Ulongwe kaya ku Moatize, amathamangira kufunsa mtengo. Ife timati yambani ndi magetsi ndi kutentha, chifukwa n'zimene zimawononga ntchito kuno kwathu.

Magetsi a kampani ya EDM akathima kapena mayunitsi olipiriratu a Credelec akatha muli pakati pojambula, kompyuta ya patebulo imazima pomwepo ndipo zomwe simunasunge zapita. Laputopu imapitiriza ndi batire. Ikhale ya RAM (memore yogwirira ntchito) yosachepera 8 GB, yokhala ndi SSD (chosungira mafayilo chachangu). Mumzinda wa Tete, momwe mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kupitirira madigiri 40, purosesa, ubongo wa kompyuta, ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, mawu n'kuyamba kuthetheka. Laputopuyo ikwezeni kuti mphepo izidutsa pansi, chotsani fumbi pa fani, ndipo jambulani m'mamawa. Ku Angónia kozizira vutoli n'lochepa.

Maikolofoni musalowetse pa kabowo ka laputopu. Pamafunika audio interface, kabokosi ka USB kolumikiza maikolofoni ku kompyuta, ngati Focusrite Scarlett 2i2, ndipo pa Windows muikenso driver yake ya ASIO, pulogalamu yoyendetsa kabokosiko. Popanda iyo woimba amadzimva mochedwa m'mahedifoni n'kumaphonya kayendedwe ka nyimbo. Kuchedwako kumachokera pa buffer, kagawo ka mawu komwe kompyuta imayamba yasonkhanitsa isanakagwiritse ntchito: pa liwiro lojambulira la 48 kHz, buffer ya 128 imasunga mawu pafupifupi 3 ms (1000 ms ndi sekondi imodzi), ya 1024 imasunga 21 ms, ndipo mawu amachedwa polowa ndi potuluka pomwe. Ndiye mu pulogalamu yojambulira ngati FL Studio kapena Reaper ikani buffer ya 128 pojambula, mukweze pa 1024 posakaniza. Mawu okwera kwambiri azifika cha pa -12 dB pa mita yoonetsa kukwera kwa mawu. Akagunda 0 asweka, sakonzekanso.

Mukamva kulira kwa "mmmm" pansi pa mawu, zulani chaja. Kukasiya, vuto ndi chajayo kapena soketi yopanda waya wopita pansi; jambulani pa batire, ndi zingwe za XLR, zija za maikolofoni za mapini atatu.

Makina ojambulira okha, osafuna kompyuta, amapambana kumene kulibe magetsi. Kwaya ya ku Tsangano kapena ku Domwe simungainyamule kupita nayo ku studio. Mwachitsanzo, Zoom H6 imayenda ndi mabatire anayi a AA, imalandira mamaikolofoni anayi a XLR, imalemba pa kadi ya SD, ndipo ilibe fani yoti imveke m'nyimbo. Dziwani kuti maikolofoni ya mtundu wa condenser imafuna mphamvu ya 48 V yochokera m'makinawo, yomwe imadya mabatire msanga. Maikolofoni ya Shure SM58 siyifuna.

Koma makinawa amangogwira mawu bwino. Kudula, kukonza polakwika ndi kusakaniza pa kagalasi kake kakang'ono n'chintchito chotopetsa. N'chifukwa chake amene ndalama zake n'zokwanira chinthu chimodzi timamulangiza laputopu ndi interface. Wojambula makwaya awonjezere makinawo pambuyo pake: ajambule mafayilo a mawu a mtundu wa WAV ya 24-bit m'tchalitchi, akafika kunyumba akopere mafayilo malo awiri asanafufute kadi.