Opera ya pa Konsati: Kumene Kunachokera Mkangano wa Kuima Chilili ndi Kusewera

Mu 1732 anthu a ku London anapita ku King's Theatre kukamvera Esther, nyimbo ya George Frideric Handel, atauzidwiratu pa chilengezo kuti pa siteji sipadzakhala kusewera kulikonse. Olemba mbiri a pambuyo pake amati bishopu wa London, Edmund Gibson, ndiye anakana kuti nkhani ya m'Baibulo iseweredwe ngati chisudzo. Oimba anangoima n'kuimba, anthu anakhamukirako, ndipo Handel anapitiriza kulemba nyimbo zoimbidwa motero.

Ziletso zotere zinakhala nthawi yaitali. Samson et Dalila, opera (sewero loimbidwa) ya Camille Saint-Saëns, inaseweredwa koyamba ku Weimar, ku Germany, mu 1877, koma ku London ofesi ya Lord Chamberlain, yomwe inkapereka chilolezo cha zisudzo, sinkalola anthu a m'Baibulo pa siteji. Mu 1893 inangoimbidwa ngati konsati ku nyumba ya opera ya Covent Garden, ndipo kuisewera kunaloledwa mu 1909. Parsifal ya Richard Wagner inali ndi chiletso cha mtundu wina: banja lake linkafuna kuti iziseweredwa ku Bayreuth kokha, m'nyumba ya opera imene Wagner anamangitsa ku Germany, choncho a ku London anaimva mu 1884 ku Royal Albert Hall popanda zovala za sewero. Apa mpoonekeratu kuti opera ya pa konsati inayamba ngati njira yozembera lamulo, ndipo ichi n'chifukwa chake ena mpaka lero amaiona ngati opera yoperewera.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, chifukwa chinasintha: nkhani inali ndalama. Sewero lathunthu limafuna masabata angapo oyeserera, osoka zovala, akalipentala ndi amagetsi, pamene konsati imatheka ndi masiku ochepa. Izi zinatsegulira njira opera zoiwalika zimene nyumba zazikulu zinkaopa kutayirapo ndalama. Ku New York, American Opera Society inayamba mu 1951, ndipo pa konsati yake ya 1965 ku Carnegie Hall ndi pamene Montserrat Caballé, yemwe analowa m'malo mwa Marilyn Horne mu Lucrezia Borgia, anatchuka usiku umodzi wokha. Kachitidwe ka nthawiyo kanali kosavuta: mipando mumzere kutsogolo kwa orchestra (gulu la oimba zida), amuna m'masuti akuda, akazi m'madiresi aatali, buku la nyimbo patsogolo pa aliyense. Nthawi yako ikafika waima, ukamaliza wakhala.

Mzerewo unayamba kusokonekera pamene magulu anayamba kubwera ndi opera yomwe aisewera kale. Kuyambira 1961 Glyndebourne, kampani ya opera ya ku England, imabweretsa opera ku BBC Proms, makonsati a chaka ndi chaka a ku London, ndipo oimba ake amafika ataloweza zonse pamtima. Munthu amene wakhala akusewera gawo lake kwa miyezi sangaime ngati chitsa. Amatembenukira mnzake, amagwada, amatuluka mokwiya. Apa ndi pamene okonda opera anagawanika, ena akufuna mawu okha, ena akufuna kuona nkhani ikuyenda.

Gwero lenileni la mkanganowu ndi malo amene orchestra imakhala. M'nyumba ya opera oimba zida amakhala m'dzenje pansi pa siteji, ndipo ku Bayreuth dzenjelo linachita kufundikidwa kuti phokoso lawo lichepe. Pa konsati onse amakwera pamwamba, ndipo mu opera za Wagner amatha kufika 100. Woimba akaima kutsogolo kwawo, mawu ake amafika bwino kwa omvera, koma wotsogolera orchestra amakhala pambali kapena kumbuyo kwake, kotero pamafunika masikirini oonetsa manja ake. Sikirini ikachedwa ngakhale pang'ono, woimba amatsalira. Akaikidwa pamalo okwera kumbuyo kwa orchestra amamuona bwino wotsogolerayo, koma mawu ake amayenera kudutsa malipenga onse, ndipo nkhope yake imatalikira. Malo otsala kutsogolo nthawi zambiri amakhala kanjira kopapatiza ka mamita awiri kapena atatu. Wokonza sewero akaiwala zimenezi n'kuuza woimba kuti atembenukire mnzake kwathunthu, theka la holo limataya mawu.

Cholakwika chimene chimapweteka kwambiri ndi kusakaniza. Mmodzi waloweza ndipo akusewera ndi thupi lonse, mnzake amene akumuuza mawu achikondi maso ali pa buku. Uyu wavala za sewero, uyo suti. Kalata ikuperekedwa m'manja, koma lupanga akungoliyerekeza ndi dzanja. Imfa ndiye imavuta koposa: wophedwa agwe pansi pafupi ndi mapazi a oimba vayolini, akhale pa mpando, kapena atuluke pang'onopang'ono? Njira zonsezi zimagwira ntchito, malinga ngati lamulo lake ndi limodzi kuyambira poyamba. Omvera amavomereza mpando wopanda munthu kukhala manda ngati chiyambire anaphunzitsidwa kuonera motero. Otsutsa kusewera pa konsati akamadandaula, kawirikawiri amakhala ataona chisokonezo chotere, ndipo pamenepo sakulakwa.

Kanema anabweretsa mbali yatsopano. Mu 2004 ku Los Angeles, wotsogolera orchestra Esa-Pekka Salonen, wokonza sewero Peter Sellars ndi katswiri wa kanema Bill Viola anaimbitsa Tristan und Isolde ya Wagner pansi pa sikirini yaikulu yoonetsa madzi ndi moto. Ambiri anachita chidwi, ena anadandaula kuti maso amathawira ku kuwala n'kuiwala munthu amene akuimba. Dandaulo limeneli ndi lomveka, chifukwa chithunzi chachikulu choyenda chimagonjetsa nkhope ya munthu mmodzi nthawi zonse. Opera North ku England inadzichepetsako pa Ring, mndandanda wa opera zinayi za Wagner, yomwe inayamba mu 2011 n'kuimbidwa yonse mu 2016 motsogozedwa ndi Richard Farnes. Wokonza sewero, Peter Mumford, anaika masikirini atatu pamwamba pa orchestra, okhala ndi zithunzi zoyenda pang'onopang'ono ndi mawu ofotokoza nkhani, ndipo oimba onse analoweza, akuyang'ana omvera m'malo moyang'anana. Ngakhale apo ena anafunsabe ngati mawu ofotokozawo anali ofunika, popeza kumasulira kwa zoimbidwazo kunali kukuonekera kale.