Bridget, dzina lomwe kale ankaopa kutcha mwana

Ukaitana Bridget pabwalo la sukulu kwathu kuno, amacheuka atsikana angapo, ndipo ambiri timangoti ndi dzina lachingerezi. Kwawo kwenikweni ndi ku Ireland, Angerezi adangolilemba mowakomera iwo. Eni ake kalekale ankalemba Brigit, kenaka Brighid, ndipo lero amalemba Bríd n'kumatchula ngati "Briid", pakuti zilembo zapakatizo zidasiya kumveka ndipo adazichotsa pokonza kalembedwe m'zaka za m'ma 1900.

Timabuku ta mayina a ana timakonda kunena kuti tanthauzo lake ndi "mphamvu". Ine sindivomereza. Akatswiri a zinenero akalilondola amakafika pa mawu akale achi-Celtic, chinenero chomwe chidabala cha ku Ireland, akuti Brigantī, kutanthauza "wokwezeka". Muzu womwewo uli m'dzina la Brigantes, mtundu umene Aroma adaupeza kumpoto kwa England, komanso m'dzina la mzinda wa Bregenz ku Austria.

Chikhristu chisanafike ku Ireland, Brigit anali mulungu wamkazi, mwana wa mulungu wamkulu Dagda, woyang'anira alakatuli, ochiritsa ndi osula zitsulo. Kenaka padabwera Brigid woyera wa ku Kildare, amene adakhazikitsa nyumba ya masisitere kumeneko ndipo adamwalira cha m'ma 524. Gerald wa ku Wales, polemba m'zaka za m'ma 1100, adafotokoza za moto wosazima wa ku Kildare: masisitere 19 ankausonkhezera mosinthana, aliyense usiku wake, ndipo usiku wa 20 ankangosiya nkhuni kuti Brigid mwini wake ausamale. Mwamuna sankaloledwa kudutsa mpanda wozungulira motowo. Tsiku la woyerayu, 1 February, ndi lomwenso makolo a ku Ireland ankachita chikondwerero cha Imbolc, pamene nyengo yozizira iyamba kutha. N'chifukwa chake akatswiri amakanganabe pa funso loti nkhani za woyerayu zidatengera zochuluka bwanji kwa mulungu wakale uja.

Chodabwitsa n'chakuti kwa zaka mazanamazana dzinali silinkapatsidwa kwa ana wamba. Linali lolemera kwambiri, ankalilambalala monga mkamwini alambalala dzina la apongozi. M'malo mwake ankatcha mwana Máel Brigte kapena Giolla Bhríde, kutanthauza wodzipereka kwa Brigid kapena mtumiki wake, ndipo ambiri otchedwa choncho anali anyamata. Dzina la banja lakuti McBride lidachokera pamenepo.

Mantha aja atatha, dzinali lidawanda mpaka lidatsika mtengo. Njala yaikulu ya 1845 mpaka 1852 ndi umphawi wotsatira zidathamangitsira atsikana ochuluka ku New York ndi Boston, komwe ankapeza ntchito zam'nyumba: kuchapa, kuphika, kukolopa. A Bridget anali ambiri moti mabwana adayamba kutcha wantchito aliyense wa ku Ireland "Bridget" kapena "Biddy", kaya dzina lake ndi lina. Nyuzipepala zinkamujambula ngati mbuli yaukali yoswa mbale. Taganizani, dzina lotanthauza wokwezeka n'kusanduka chitonzo cha kukhitchini! Atsikana ena adalitaya n'kumadzitcha Delia, ndipo pang'onopang'ono makolo adayamba kulizemba.

Masiku ano ulemu ukubwerera. Mu 1993 masisitere a chipani cha Brigidine adayatsanso moto wa ku Kildare, ndipo kuyambira 2023 dziko la Ireland lili ndi tchuthi cha boma cha Brigid kumayambiriro a February, choyamba kutchedwa dzina la munthu wamkazi. Ana asukulu amaluka timitanda ta manja anayi ndi udzu wa m'dambo, n'kukapachika pamwamba pa chitseko kuti nyumba itetezeke ku moto.

Kwa amene adabatizidwa ndi dzinali pali kanthu koyenera kufunsa makolo. Oyera odziwika kwambiri otchedwa Bridget m'Chingerezi alipo awiri. Winayo ndi Birgitta wa ku Sweden, mayi wa ana 8 amene adamwalira ku Rome mu 1373, ndipo tsiku lake ndi 23 July. Choncho a Bridget awiri a m'parishi imodzi atha kukhala ndi nkhoswe zosiyana, wina n'kumakumbukira yake mu February chimanga chikumasula, wina mu July.