Chifukwa chake zitseko za m'maholo zimatsegukira kunja

Pa 16 June 1883, ana ambirimbiri anadzaza holo ya Victoria Hall mumzinda wa Sunderland ku England kudzaonera chionetsero. Kumapeto analengeza kuti agawa mphatso, ndipo ana omwe anakhala m'mwamba anathamangira pansi kuopa kumanidwa. Kumunsi kwa masitepe kunali chitseko chotsegukira mkati, chokhomedwa mwakuti pankadutsa mwana mmodzimmodzi basi. Akutsogolo atagwa, akumbuyo sanadziwe kanthu, ankangokankhabe. Kunalibe moto kapena utsi, koma ana 183 anafa chifukwa chopanikizana.

Chitseko chotsegukira mkati chimafuna kuti munthu abwerere m'mbuyo pang'ono kuti achikoke. Nanga abwerera bwanji khamu la anthu litamutsamira pamsana? Ngoziyi itachitika, ku Britain anayamba kulamula kuti zitseko za malo osonkhanira zizitsegukira kunja, ndipo Robert Alexander Briggs anapanga loko yotseguka yokha munthu akangoikankha.

Ku America phunziroli linafika mochedwa. Pa 30 December 1903 moto unabuka m'holo ya zisudzo ya Iroquois ku Chicago, yomwe eni ake ankadzitama kuti siingapse. Makomo ena othawira anali obisika kuseri kwa makatani, ena anali ndi maloko achilendo omwe anthu sankadziwa katsegulidwe kake. Anthu pafupifupi 600 anafa. Carl Prinzler, wogulitsa zitsulo ku Indianapolis, anayenera kukhala m'holomo tsikulo koma sanapite. Iye ndi mnzake Henry DuPont anakonza chitsulo chopingasa chija timachiona pazitseko zothawira, chotsegula chitseko munthu akangochikankha, chomwe chinayamba kugulitsidwa mu 1908 ndi dzina loti Von Duprin.

Chopweteka n'chakuti malamulo salimbana ndi mwini nyumba woopa kuberedwa. Mu 1911, ogwira ntchito 146 anafa pafakitale yosoka ya Triangle ku New York, pomwe khomo lina linali lokhomedwa poopa kuti antchito angabe nsalu. Mu 1942 ku Cocoanut Grove, malo azisangalalo a ku Boston, makomo ena anawatseka kuti anthu asazembe osalipira, ndipo chitseko chozungulira cha pakhomo lalikulu chinakanirira anthu atachipanikiza. Anafa 492. N'chifukwa chake m'mizinda yambiri, pambali pa chitseko chozungulira pamakhalanso chitseko wamba chotsegukira kumsewu.