Chiliza cha Conrad Weiser: mwala si mboni yokwanira

Ndatopa nawo mawu akuti "zalembedwa pa chiliza, ndiye basi n'zoona." Aliyense amene wagwirapo ntchito yofufuza mbiri za mabanja akudziwa kuti chiliza chimalembedwa mwini nkhani kulibe. Anamfedwa ndiwo amauza mmisiri, mmisiri naye amasema zimene khutu lake lamva. Pakati pa awiriwa pamatayika zambiri.

Tengani manda a Conrad Weiser, pafupi ndi tawuni ya Womelsdorf ku Pennsylvania, m'dziko la America. Bamboyu anali womasulira pakati pa atsamunda a Chingerezi ndi mitundu ya Iroquois, ndipo anamwalira pa 13 Julayi 1760. Chiliza chake n'cholembedwa m'Chijeremani. Chimanena kuti anabadwa pa 2 Novembala 1696 ku "Astaet", m'chigawo cha Herrenberg, m'dziko la "Wittenberger". Wofufuza waphuma akangoona liwu lomalizali amathamangira ku Wittenberg, mzinda wa Martin Luther uja. Walowa m'tchire ameneyo. Dziko lake linali Württemberg, kum'mwera chakumadzulo, makilomita mazanamazana kuchokera ku Wittenberg, ndipo mudzi wake ndi Affstätt. Ukafuna ubatizo wake usakafunenso ku Affstätt komweko, chifukwa anakam'batizira m'tchalitchi cha ku Kuppingen, mudzi woyandikana nawo. Kwawo kwenikweni kwa banjali kunali ku Großaspach. Mwanayu anabadwira kwina chifukwa bambo ake anali msilikali, akukhala komwe gulu lawo linaikidwa. Chiliza sichikuuzani chilichonse mwa izi.

Ngakhale tsiku lobadwalo lili ndi msampha. Mu 1696 madera a Chiprotestanti ku Germany anali akadali pa kalendala yakale, anadzasintha mu 1700. Maiko olamulidwa ndi Britain anasintha mu 1752, pomwe anthu anagona pa 2 Seputembala n'kudzuka pa 14. Choncho munthu mmodziyu anabadwa pa kalendala ina n'kufera pa ina. Musamakangane za masiku a moyo wake musanadziwe zimenezi.

Kenaka pali dzina. Bambo ndi mwana onse anali Johann Conrad Weiser. Ajeremani a nthawi imeneyo ankapatsa ana aamuna ambiri m'nyumba imodzi dzina loyamba lakuti Johann, koma loitanira linali lachiwiri. Ndaona mindandanda ya pa intaneti yomwe yaphatikiza anthu awiriwa kukhala munthu mmodzi, moti mwana akuoneka kuti ndiye anapita ku London mu 1718 kukadandaulira boma za malo, pomwe anapitako ndi bambo. Ena amam'funafuna m'mabuku a zombo zofika ku Philadelphia n'kumadabwa kuti mulibe. Mabuku amenewo anayamba mu 1727. A Weiser anafika mu 1710, ndiponso anatsikira ku New York, m'gulu la Ajeremani pafupifupi 3,000 omwe bwanamkubwa Robert Hunter anawatenga kuti azikapanga phula la zombo m'mbali mwa mtsinje wa Hudson. Mayi a Conrad anali atamwalira kale mu 1709, ulendo usanayambe. Ku Pennsylvania iye anasamukirako mu 1729, ku chigwa cha Tulpehocken.

Koma nkhani yomwe imandiwawa mpaka lero ndi ya mkazi wake. Conrad ali mnyamata wa zaka pafupifupi 16, bambo ake anam'tumiza kukakhala ndi anthu a mtundu wa Mohawk, ndipo n'kumene anaphunzira chilankhulo chawo. Mu 1720 anakwatira ku Schoharie, m'dera la New York. Polemba mbiri ya moyo wake anangotchula mkaziyo kuti Anna Eva, osaika dzina la bambo ake. Mpata wochepa chonchowu unakwanira. Anthu a m'mibadwo yotsatira anaulowa n'kupeka kuti mayiyu anali Mohawk, ena mpaka kumuveka ufumu. Anna Eva anali Mjeremani, mwana wa Peter Feg, wa m'gulu lomwe lija la 1710. Anabereka ana 14, asanu ndi awiri okha ndiwo anakula. Mwana wake Anna Maria anakwatiwa mu 1745 ndi m'busa Henry Melchior Muhlenberg, ndipo mwana wawo Frederick Muhlenberg ndiye anakhala sipikala woyamba wa nyumba ya malamulo ya dziko la America (House of Representatives) mu 1789. Mayi wotere, woika m'manda ana ake asanu ndi awiri, kumulanda makolo ake enieni chifukwa choti nthano ikukoma! Nkhaniyi inatsutsidwa kalekale, komabe mudzaipeza ikukoperedwa lero lino, wina kutenga kwa wina, popanda wofunsa kuti kaundula wake ali kuti.

N'chifukwa chake sindiwanyengerera anthu ogulitsa mbiri za mabanja pa intaneti. Mumalemba dzina, mumalipira, amakutumizirani chikalata chokongola chokhala ndi chishango cha banja ndi mndandanda wofika kwa mafumu. Chishango chotero chinali cha munthu kapena nyumba inayake, sichinali cha aliyense wa dzina limenelo. Wofufuza weniweni amakuuzani buku, tchalitchi ndi tsamba, ndipo akafika pomwe zolembedwa zathera amaima. Amene saima paliponse ndi wakuba.

Owononga enanso ndi "akatswiri" otsuka ziliza. Banja lina linanditumizira zithunzi za chiliza chakale cha agogo awo, china asanatsuke, china atatsuka ndi Jik ndi bulashi yawaya. Pa chithunzi choyamba chaka chomwalira chinkawerengeka bwinobwino pansi pa ndere. Pa chachiwiri mwala unali mbee, manambala awiri omaliza atafufutika. Palibe chomwe ndikanawachitira. Mankhwala oyeretsera amasiya mchere m'kati mwa mwala, mcherewo n'kumaunyenya pang'onopang'ono kwa zaka. Waya amapala nkhope ya mwala pomwe pali zilembozo. Simenti yomatira ming'alu imatsekera chinyezi, mwala wofewa n'kusweka m'mbali mwake. Ngati mwala ukufumbutuka mukaukhudza, musautsuke n'komwe. Ngati uli wolimba, madzi oyera ndi bulashi yofewa n'zokwanira. Zilembo zikamavuta, dikirani dzuwa lipendeke kapena unikani ndi tochi cham'mbali, mithunzi idzaziturutsa, kenaka jambulani.

Ife kuno timamanga chiliza patapita zaka maliro atachitika, chaka chobadwa n'kungoganizira pa msonkhano wa banja, kapena kutenga pa chiphaso cha unzika chomwe naye mwini wake anangoyerekeza polembetsa mu 2017. Zikalembedwa pa mwala, zidzukulu zidzalumbirirapo. Musanapereke mawu kwa mmisiri, pitani ku parishi kapena ku sinodi mukaone buku la ubatizo chiswe chisanalidye, funsaninso ku National Archives ku Zomba. Zengerezu adalinda kwawukwawu: azakhali aja omwe amadziwa chiwongo cha amayi a agogo anu, ndi mudzi womwe anachokera, akhaleni pansi mwezi uno, foni ikujambula mawu, ndipo dzina la mkazi aliyense lilembedwe pamodzi ndi la bambo ake.