Poizoni wa kolera akalowa mu selo, kapisozi samutulutsa

Dzinja lililonse ndimamva mawu omwewo kwa achibale a odwala kolera: akuti anamuletsa kumwa madzi kuti m'mimba muume, kenako anamugulira makapisozi pa okala. Ndinkayesa kuti mliri umene unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 uthetsa maganizo amenewa, koma adakalipo.

Kachilombo koyambitsa kolera, kotchedwa Vibrio cholerae, sikaboola matumbo, ndipo sikachita kulowa m'magazi kuti kaphe munthu. Kamakhala pakhoma la matumbo aang'ono n'kumatulutsa poizoni wa mtundu wa puloteni. Wasayansi Sambhu Nath De anatsimikizira zimenezi ku Kolkata, ku India, mu 1959, pamene anaika m'matumbo a akalulu madzi amene munakulira tizilomboti koma atasefamo tizilombo tonse, ndipo matumbowo anadzadzabe madzi.

Poizoniyu ali ndi chigawo chotchedwa A ndi zigawo zisanu zotchedwa B, zomwe zimamatirira pa kachinthu kotchedwa GM1 kunja kwa selo la m'matumbo (maselo ndi tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi), ndipo selolo limamumeza lokha n'kumupititsa m'kati mpaka ku endoplasmic reticulum, malo a m'selo okonzerako mapuloteni. Kumeneko chigawo cha A chimapulumuka, chimakagwira puloteni yotchedwa Gs n'kuisiya ikugwira ntchito mosalekeza, cAMP, yomwe imanyamula uthenga m'selo, imachuluka, ndipo khomo la selo lotchedwa CFTR limatseguka n'kumatayira mchere m'matumbo. Madzi amatsatira mcherewo ngati mpopi wothyoka, moti munthu wamkulu angataye lita imodzi pa ola.

Mankhwala ngati doxycycline amapha tizilombo ndipo amafupikitsa matenda, koma safika pamene poizoni walowa kale. Selo limapitiriza kutaya madzi mpaka thupi litalisintha ndi lina patatha masiku angapo. Chimene chimandiwawabe ndi mnyamata wina wamphamvu zake amene anabwera naye maso atalowa, khungu likatsinidwa osabwerera, mitsempha itaphwa moti dripi inavuta kulowa. Makapisozi anali atamwa ndithu, mankhwala a zitsamba otsuka m'mimba anamwetsedwanso, koma madzi anamumana usiku wonse.

Pali khomo lina la selo limene poizoniyu salikhudza, lomwe limalowetsa mchere pamodzi ndi shuga, madzi n'kumatsatira. Thanzi ORS amadutsira pamenepo, n'chifukwa chake dokotala Dilip Mahalanabis anapulumutsa anthu ambiri ndi madzi a mchere ndi shuga otere m'misasa ya anthu amene anathawa nkhondo ya ku Bangladesh mu 1971 madripi atasowa. Ngati paketi palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Wodwala amwe ngakhale akusanza, pang'onopang'ono, muli kale panjira ya kuchipatala. Wodwala kwambiri akapanda kuthandizidwa, imfa imatha kufika pa theka la odwalawo, pomwe akalandira madzi msanga siifika pa mmodzi mwa 100. Aliyense wokuuzani kuti mudikire kuche, kapena kuti ali ndi mtsitsi wotseka m'mimba, akukutayitsani maola amene wodwalayo alibe.