Nyimbo za pasiwa: kumene mkanganowu unachokera

Chimbale cha nyimbo zachisoni chikangotuluka, mu Lilongwe mumabuka mkangano womwe uja. Olemba za nyimbo m'nyuzipepala ndi achinyamata a pa Facebook amati ndi nyimbo za pasiwa, zosavinika, woyimba akungolira pamwamba pa gitala. Koma mukakwera minibasi ya ku Kawale kapena ku Area 25 mupeza chimbale chomwecho chili pa sipika, kondakitala akutsatira mawu onse osaphonya.

Kuyimba modandaula kunayambira kutali. Mayi amene sakanayankha apongozi kapena mwamuna woledzera ankatulutsira nkhawa zake pamtondo, munsi ukugunda, mudzi wonse n'kumva popanda womuimba mlandu. Anthu ankatchera khutu ku mawu, ndipo khutu limenelo ndi lomwe Amalawi ambiri akumveterabe nyimbo.

Nthawi ya Kamuzu Banda chizolowezichi chinazika mizu. MBC, yomwe inayamba mu 1964, inali wailesi yokhayo, ndipo lamulo la 1968 linapatsa bungwe lounika zosangalatsa mphamvu yoletsa nyimbo. Boma silinkadzudzulidwa, amayi a mbumba ankavinira Ngwazi. Chimene woyimba akanachita ndi kulira umasiye, umphawi, mbale wako wokuchitira kaduka, womvera n'kudzimasulira yekha. Allan Namoko, woyimba wosaona wa ku Thyolo, ankayimba zotere ndi banjo ndi mawu osasalala, ndipo palibe ankafunsa ngati zikuvinika.

Referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 zinamasula pakamwa. Lucius Banda, wochokera ku Balaka kumene mkulu wake Paul ankatsogolera Alleluya Band, anayamba kutchula poyera za ndende ndi umphawi, anthu n'kumutcha Soldier. Zaka zomwezo Edzi inali kupululutsa mabanja, ndipo makaseti a pamsika wa Lilongwe ankagulidwa ndi anthu ongochoka kumanda. Evison Matafale atamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu Novembala 2001, nyimbo zake zinayamba kumveka ngati ankadzilira yekha pasadakhale.

Odzudzulawo sakunama konse ayi. Kalembedwe ka ku Balaka katagulitsa, aliyense wokhala ndi kiyibodi anakakopera: kugunda kumodzimodzi, dandaulo limodzimodzi, masiye wa m'nyimbo iyi ndi yemwe uja wa m'nyimbo ija. Chisoni chinasanduka malonda, ndipo mbadwo wokulira pa hip hop ndi amapiano unatopa nazo. Pomwe ndimasiyana nawo ndi poyeza chimbale chilichonse chodekha ndi muyezo wa m'malo ovinira a ku Bwandilo, ngati kuti nyimbo yosavinika ilibe ntchito. Lucius atamwalira pa 30 Juni 2024, ena mwa achinyamata omwewo anatha sabata yonse akutumizirana nyimbo zake zakale pa WhatsApp, makamaka zodandaula zija.