Utsi sutha ukakwera kumwamba

Anthu ambiri amakhulupirira kuti utsi wa moto wolusa ukangokwera kumwamba ndiye kuti watha, ndipo umangovutitsa okhawo amene ali pafupi ndi motowo. Si zoona. Pa 7 June 2023 thambo la mzinda wa New York linachita kufiira ngati njerwa yootcha, chonsecho nkhalango zomwe zinkapsa zinali ku Quebec m'dziko la Canada, makilomita mazanamazana kumpoto.

Chomwe chimayenda mtunda wonsewo ndi tizinthu ting'onoting'ono totchedwa PM2.5, tomwe timalowa mpaka mkatikati mwa mapapo. Pofuna kudziwa komwe tikulowera, bungwe loona za nyengo ndi nyanja la NOAA ku America limagwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa HRRR-Smoke. Masetilaiti amaona pomwe pakuyaka komanso ukali wa motowo, kenako kompyuta imawerengera kuchuluka kwa utsi ndi kutalika komwe ukwere. Kutalikaku ndiye pagona nkhani. Mphepo ya pansi ndi ya m'mwamba nthawi zambiri siziloza kumodzi, choncho utsi wa moto waukali umatha kulowera kwina kosiyana ndi komwe fumbi la pabwalo likuulukira, n'kukatsikira kutali patapita masiku.

Amene amatentha tchire mwadala, pofuna kuchepetsa udzu ndi zinyatsi zouma moto wolusa usanabwere, amadaliranso mapulogalamu otere. Moto wawo ndi wofatsa, utsi wake sukwera kwambiri, ndipo usiku mpweya wozizira umaupanikiza m'zigwa momwe muli nyumba ndi misewu. Apa mpomwe ana, okalamba ndi odwala mphumu amazunzika. N'chifukwa chake kompyuta ikaonetsa kuti utsi ugona pamudzi, oyatsawo amadikira tsiku lina.